Galu akapha munthu, tiyambe tafunsa mwini wake

Galu akaluma munthu mpaka kumupha, anthu amathamangira kupha galuyo, ndipo mkwiyo ukatsika nkhani imazilala ngati chilungamo chachitika. Ine ndikuona kuti woyenera kuyankha mlandu ndi mwini wake, pakuti ndi iye amene anasankha galuyo, anamulera, komanso anasiya geti losatseka.

Tonse tikudziwa mmene agalu ambiri olondera amasungidwira m'matauni mwathu. Galu amatsekeredwa m'kakhola kothina tsiku lonse, osaona munthu wina kupatula womuponyera mkute, ndipo ena amachitira dala zimenezi kuti galuyo akhale wolusa. Usiku amamumasula, chonsecho mpanda uli ndi chibowo chimene aliyense pakhomopo akuchidziwa. Galu woleredwa chotere sasiyanitsa mbava ndi mwana wolawirira kusukulu kapena mayi wopita kumsika ndi dengu la mandasi. Chikwangwani chakuti "Chenjerani ndi agalu" sichiteteza mwana wosadziwa kuwerenga, ndipo mawu akuti "musaope, saluma" andikwana, chifukwa amanenedwa ndi munthu amene galuyo sangamulume.

Ku England ndi ku Wales, kuyambira 2014, munthu amene galu wake wapha munthu akhoza kumangidwa mpaka zaka 14, ngakhale zitachitikira pakhomo pake pomwe. Ku South Africa, ana ataphedwa ndi agalu a pit bull mu 2022, anthu ambiri anapempha boma kuti liletse mtundu umenewu. Ndikumvetsa ululu wawo, koma munthu wosasamala akaletsedwa mtundu uwu amangogula wina n'kuulera chimodzimodzi.

Kuno ku Malawi kulinso imfa ya chiwewe, imene imayamba ndi kabala kakang'ono. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewa amakhala atalumidwa kapena kukandidwa ndi galu. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies lakhala likupereka katemera wa agalu waulere kuyambira 2015, choncho wokana kubayitsa galu wake alibe ponamizira.

Ndikupempha makhonsolo kuti azilemba agalu m'kaundula pamodzi ndi eni ake, kuti galu akavulaza munthu pasamapezeke wonena kuti "si wanga". Nawonso apolisi azitengera milandu yotereyi kukhoti, osalola kuti imfa ya mwana ithere pa bokosi la maliro ndi thumba la ufa.