Jazi wachikale amakoma akamaimbidwa panja

Papita zaka zingapo chionereni bandi ina ya jazi wachikale ikuimba panja ku Jackson Square, mumzinda wa New Orleans ku America, koma mpaka lero ndikangomva kulira kwa lipenga maganizo anga amathamangira komweko. Kunali kotentha kwambiri madzulo amenewo, ndipo oimbawo, omwe analipo asanu ndi mmodzi, anakhala pamabenchi kutsogolo kwa tchalitchi cha St. Louis, popanda nsanja kapena zokuzira mawu. Patsogolo pawo anaikapo ndowa yoti anthu aziponyamo madola.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene zida zitatu zakutsogolo zinkayankhulirana. Lipenga ndilo linanyamula nyimbo, klarineti, yomwe ndi mtundu wa chitoliro, inkazungulirazungulira pamwamba ndi timawu tothamanga, pamene tromboni, lipenga lalitali lotambasuka, inkavomera chapansipansi ndi mawu okoka. Atatu onsewa ankaliza nthawi imodzi, aliyense akupeka zake pompopompo, koma panalibe wopondereza mnzake, chifukwa aliyense ankasiya mpata woti wina alowepo. Kumbuyo kwawo tuba (chilipenga chachikulu cha mawu apansi), banjo ndi ng'oma zinagwira nyimboyo kuti isapendekeke. Woliza lipenga anali bambo wachikulire, kansalu kopukutira thukuta kali paphewa, ndipo pena ankatseka ndi kutsegula kukamwa kwa lipengalo ndi kachiphimbo ka labala mpaka chitsulocho chinkamveka ngati munthu wodandaula. Sindinamuonepo akuwerengera anzake kapena kuwakodola ndi dzanja. Ankangotukula nsidze, ndipo onse ankadziwa kuti nyimbo yafika pokhota.

Maganizo anga ndi akuti nyimbo zimenezi timazilakwira tikamazitsekera m'maholo, momwe anthu amakhala duu pamipando ngati ali m'kalasi. Zinakulira pabwalo ndi mumsewu. Kale akapolo ochokera ku Africa ankasonkhana Lamulungu ku Congo Square, bwalo lina la mumzindawu, kukaimba ng'oma ndi kuvina, ndipo pambuyo pake mabandi a malipenga ankayenda m'misewu ya mzindawu, ena atakwera pangolo, woliza tromboni atakhala kumbuyo kwenikweni kuti asagunde anzake potambasula chida chake. N'chifukwa chake tuba ndi banjo zili ndi malo m'mabandi otere, pakuti mawu ake amafika patali popanda magetsi. Chimbale choyamba cha jazi chinajambulidwa mu 1917 ku New York, ndipo katswiri wa lipenga Louis Armstrong anachoka ku New Orleans mu 1922 kukaimba m'bandi ya King Oliver ku Chicago, koma zimenezi zisanachitike anthu wamba anali atavina kale nyimbozi m'misewu kwa zaka zambiri. Zimbale ndimazilemekeza, chifukwa popanda izo ambirife sitikanamudziwa Armstrong, komabe sizingakupatseni kugunda kwa tuba kumene kumamveka m'chifuwa mwanu mukaima pafupi.

Ndikudziwa kuti panja pali zosokoneza. Tsiku limenelo ana ankathamangathamanga, alendo ena ankangojambula ndi mafoni n'kumapita, ndipo mphepo yochokera kumtsinje wa Mississippi inkauluza mawu a klarineti. Koma oimbawo sanaoneke okhumudwa nazo, ndipo ine ndinaona kuti phokoso la anthulo linkawawonjezera moto.

Chakumapeto anayamba nyimbo yachisoni ya kutchalitchi, pang'onopang'ono, monga amachitira kumeneko poperekeza maliro kumanda. Anthu amene ankacheza analeka kuyankhula. Mayi wina amene anaima pambali panga anavula magalasi n'kupukuta m'maso, ndipo nanenso ndinakumbuka abale anga amene anatisiya. Kenaka woimba ng'oma anagunda kanayi mwamphamvu, nyimbo ija inatembenuka n'kukhala yothamanga, monga zimakhalira pobwerera kuchokera kumanda, ndipo mayi yemwe uja anatulutsa kansalu koyera m'chikwama n'kuyamba kukupiza m'mwamba uku akuvina. Posakhalitsa anthu osadziwana n'komwe tinandandalika pambuyo pake, tikuzungulira mabenchi aja.

Dzina la bandiyo sindinafunse, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka pano. Ndinangoponya ndalama zanga m'ndowa muja, bambo wa lipenga anagwedeza mutu osachotsa chidacho pamilomo, ndipo ndinayenda mpaka kugombe la mtsinje tuba ija ikumvekabe kumbuyo kwanga.