Phungu wa maganizo wofuna umboni wa tsankho ndi wa chiyani?

Ndapsa mtima, ndipo sindibisa. Mnzanga wina wakhala akuzunzika kuntchito chifukwa cha khungu lake. Akayamba kulankhula pamsonkhano amamudula pakamwa, tsitsi lake amaligwiragwira osapempha, ndipo sipalephera wina womufunsa kuti "koma kwanu kwenikweni n'kuti?" pamene munthuyo anabadwira m'dziko lomwelo. Tulo tinamuthawa. Atatopa n'kupirira, analimba mtima n'kupita kwa katswiri wa uphungu wa maganizo. Anafotokoza zonse, misozi ili chuchuchu. Katswiriyo n'kumufunsa kuti, "Kodi mukutsimikiza kuti ndi tsankho? Mwinatu mukungoganiza kwambiri."

Ayi ndithu! Munthu wabwera kudzatula nkhawa, inu n'kuyamba kumufunsa umboni? Chipinda cha uphungu si bwalo la milandu. Kuntchito anamukayikira, anzake anamuuza kuti angozisiya, ndiye afike kwa inu, amene mwalandira ndalama zake, mumukayikirenso? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iye ndiye akudziwa zimene zikumuwawa, inu ntchito yanu n'kumvetsera kaye. Phungu amene amafuna kuti umukhutiritse asanakuthandize akukupweteka kachiwiri, basi.

Ena akuti vuto ndi maphunziro awo, sanaphunzitsidwe za mitundu ndi zikhalidwe. Kaya. Odwala asakhale aphunzitsi awo.

Komanso khalidweli silinayambe lero. Mu 1851, dokotala wina wa ku America, Samuel Cartwright, analengeza kuti akapolo othawa ukapolo anali ndi matenda a mutu, n'kuwatcha dzina loti drapetomania. Munthu akuthawa unyolo, iwo akuti wadwala! Mu 2021 bungwe la akatswiri a za maganizo ku America lotchedwa American Psychological Association linachita kupepesa poyera chifukwa cha mbali imene linatenga polimbikitsa tsankho. Ngati eni ake a ntchitoyi anavomereza kuti analakwa, phungu uyu akudabwa chiyani? Akufuna umboni wina uti?

Sindikunena kuti phungu azingovomera chilichonse, kapena kuti akhale wa khungu lofanana ndi lako. Funsani mafunso, koma ofuna kumvetsa. Funsani kuti zinamukhudza bwanji, akugona bwanji, ndani amene amamasuka naye. Munthu amene akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti kuno si kwanu amayamba kudzikayikira yekha, ndipo chimenecho ndiye chimamudya pang'onopang'ono. Inu mukawonjezera kukayikako, mwamuthandiza chiyani?

Ndiye palinso china chimandinyansa. Ku England, ziwerengero za NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma, zimaonetsa kuti mwayi woti munthu wakuda asungidwe m'chipatala mokakamiza pansi pa lamulo la za matenda a maganizo lotchedwa Mental Health Act la 1983 ndi woposa katatu poyerekeza ndi mzungu. Akabwera yekha modekha kudzadandaula, akuti akukokomeza. Zikamufika pakhosi n'kuphulika, pamenepo mpamene amamukhulupirira msanga, n'kumutsekera.