Inu a mafoni pa maliro, manyazi munawasiya kuti?

Loweruka lapitali tinaika m'manda mayi ena kwathu ku Phalombe, gogo wa zaka 82, ndipo zimene maso angawa anaona kumeneko mpaka lero mtima ukuwawabe ndiye mundipirire ndilankhule basi.

Mayi amenewa anali a Mvano kuyambira ine ndili kamwana ka Sande sukulu, bulauzi yoyera ija amaisita ndi simbi ya makala usiku kuti m'mawa alawirire kukaona odwala. Ndani m'mudzi muja sanamwepo phala lawo ali chigonere? Njala ya 2002 amaphika madeya kudyetsa zidzukulu zamasiye ndi ana a eni omwe, iwo kugona ndi madzi okha. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023 mabanja atatu anagona pabalaza pawo mpaka mvula kutha.

Ndiye munthu wotereyu watsirizika mbandakucha kuchipatala, thupi lisanapite ndi ku mochale komwe, mdzukulu waika kale chithunzi pa status, ati RIP gogo ndi timitima tosweka. Amfumu sanamve, mwini mbumba sanamve, abusa sanamve. Mwana wawo wamkazi ali ku Joni anazionera pa WhatsApp ali kuntchito, munthu wa BP, anagwa pomwepo. Mumafuna tiike maliro awiri? Kuthamangira kumeneko mumalandira mphoto yanji?

Itakwana nthawi yoona nkhope ndiye eee, mafoni m'mwamba ngati kwabwera woimba. Wina mpaka live pa Facebook, nkhope ya malemu kuionetsa dziko lonse, mayi amene moyo wawo wonse sanatulukepo panja opanda duku kumutu! Amayi a Mvano akuimba misozi ili mbwembwembwe, mtsikana wina ali pambali pa bokosi akukonza wigi kuti selfie ituluke bwino. Mwana iwe, anakulera ndani?

Za usiku pa siwa ndichite kunena? Kwaya ikuimba pakhomo, anyamata ali kuseri kwa khola ndi kachasu, ena maso pa foni kubetcha mpira, kuseka kwake kumveka mpaka m'nyumba ya anamfedwa. Kumanda wina anali dzandidzandi anatsala pang'ono kugwera m'dzenje bokosi lisanatsike. Ndipo amene anayendetsa lole yodzaza amayi pobwerera ndi mmodzi wa omwe anachezera botolowo. Tsiku lina mudzapha mudzi wonse inu, ndanena.

Chimene chandinyansa kwambiri ndi ichi. Gogoyu wadwala miyezi isanu, amene amamutembenuza pamphasa, kumusambitsa, kumuchapira, ndi amayi anzake a kumpingo, okalamba okhaokha. Inu muli m'tauni foni osayankha, olo ka 5 pin ka shuga pa Airtel Money osatumiza. Lero mwatulukira ndi matisheti osindikiza nkhope yake, nkhata zodula, magalasi akuda, kulira mokuwa kamera ikaloza kwa inu. Ndalama ya matisheti ija sikanagula mankhwala?

Dothi lisanaume pamanda mkangano wayamba kale, uyu akuti mbuzi ndi zanga, uyu makina osokera, wina akuwerenga malata padenga pomwe ana amasiye amene gogoyu amalera akugona momwemo. Akagone kuti? Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, lamulo linakhazikitsidwa mu 2011, mudzamangidwa muone. Koma Baibulo lawo lija, lothothoka chikuto, lodzaza timapepala ta mayina anu omwe amawatchula popemphera, linali pawindo mpaka madzulo palibe analikhudza. Analitola ndi mayi wina wa Mvano, kulikulunga mu chitenje akulira.

Amene muli ndi kanema wa nkhope yawo mufoni, fufutani lero lomwe. Zamanyazi.