Kuphatikiza sukulu sikubereka mphunzitsi wa Physics

Zandikwiyitsa zedi. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mkulu wina waimirira n'kulonjeza kuti sekondale ziwiri zazing'ono zakumudzi zikaphatikizidwa, ana ayamba kusankha okha maphunziro: Physics, Chemistry, Computer Studies. Makolo manja pwapwapwa. Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti adzaphunzitse ndani.

Werengani nokha. Tinene kuti sukulu iyi ili ndi aphunzitsi 6, wa Physics palibe. Inayo ili ndi 7, wa Physics palibenso. Mwaphatikiza, aphunzitsi akwana 13, wa Physics sanabwerebe. Mwangokhala ndi a Geography atatu ndi a History awiri. Mwana amasankha phunziro lomwe lili ndi mwini wake. Dzina la phunziro lolembedwa pa taimutebulo siliphunzitsa munthu.

Ndipo kusankha kuli ndi malamulo ake. Kuti mwana wa Fomu 3 asankhe pakati pa maphunziro awiri, onsewo amaikidwa pa piriyodi imodzi, kalasi n'kugawikana. Pakufunika aphunzitsi awiri omasuka pa nthawi yomweyo, ndi zipinda ziwiri zopanda anthu. Ngati wa Chemistry ndi yemweyonso wa Masamu ku Fomu 1, taimutebulo yagundana kale. Ngati chipinda chachiwiri kulibe, gulu lina lili pansi pa mtengo, mvula ikabwera phunziro latha. Zipinda simunawonjezere, ndiye ana 60 a uku ndi 60 a uko mwawapanikiza malo amodzi, 120. Mphunzitsi mmodzi achonge makope 120?

Sayansi imafuna labu. Madzi a pampopi, gasi, masikelo, ma beaker, ma test tube, kabati yokiya yosungiramo asidi, ndi munthu wokonza zipangizo kalasi isanalowe. Zoyeserera sizitheka pa mphindi 40, zimafuna mapiriyodi awiri otsatizana. Kompyuta imafuna magetsi odalirika ndi chipinda chotchinga fumbi. Zonsezi sizibwera chifukwa choti mwasintha chikwangwani cha pamsewu. Chifukwa chosowera mphunzitsi wa Physics tonse tikuchidziwa: aphunzitsi a sayansi ndi ochepa ndipo kumudzi kulibe nyumba zowasunga.

Yambani ndi mphunzitsi. Lembani ali ndani, anaphunzira chiyani, akusowa ndi ati. Mupezeni, mumumangire nyumba, mumange labu, kenaka muzilankhula zophatikiza. Ngati alipo mmodzi yekha, ayende ndi iyeyo: masiku awiri uku, atatu uko, sukulu zonse zipange taimutebulo limodzi. N'kosavuta kuyendetsa munthu wamkulu mmodzi panjinga yamoto kusiyana ndi kuyendetsa ana 200 pansi tsiku ndi tsiku.

Walira mvula walira matope. Mwana amayenda makilomita pafupifupi 4 kapena 5 pa ola. Mukamuikira sukulu pa makilomita 12, ndi maola oposa awiri kupita, ena otero kubwerera. Piriyodi yoyamba yamudutsa, yachiwiri akusinza. Mtsinje ukadzaza, sabata yonse sapita. Ndiye atsikana ayambe kuchita lendi timanyumba ta pafupi ndi sukulu, opanda matroni, opanda mpanda, chitseko chotsekera ndi msomali. Hostelo yake ili kuti? Mwaika mu bajeti iti? Mwana amene mwamulonjeza Physics uja, Fomu 2 samaliza n'komwe!