Ballet ya ku France ndi ya ku Italy: wina phazi, wina khosi

France ndi Italy ndi oyandikana, koma wovina wophunzira ku Paris ndi wophunzira ku Milan sasowa akangoyamba kuzungulira.

Malamulo a ballet, gule wa pa siteji wochokera ku Ulaya, anachokera kwa Afalansa. Mfumu Louis XIV inakhazikitsa bungwe la zovina lotchedwa Académie Royale de Danse mu 1661, ndipo mphunzitsi wa zovina Pierre Beauchamp ndiye amatamandidwa kuti anakonza kaimidwe kasanu ka mapazi. Mpaka lero sukulu ya Paris Opera imalimbikira phazi: zala zisongoke, chidendene chifike pansi ukatera podumpha, manja asachite matama.

Ataliyana anafuna mphamvu ndi liwiro. Mu 1893, Pierina Legnani, wophunzira ku sukulu ya La Scala ku Milan, anadabwitsa anthu ku St Petersburg pozungulira pa mwendo umodzi maulendo 32 osapuma, kuzungulira kotchedwa fouetté. Chinsinsi chinali m'khosi. Maso amagwira malo amodzi kutsogolo, thupi n'kutembenuka mutu utatsalira, kenaka mutu n'kuzungulira msangamsanga kukafika pamalo paja thupi lisanafike. Mwendo woimira umapinda bondo, chidendene pansi, n'kukwera pa nsonga za zala, uku winawo ukukwapula kuchokera kutsogolo kupita m'mbali n'kubwerera pabondo. Ukachedwa ndi khosi, chizungulire chimakugwira usanafike pakhumi. Ukakweza chiuno cha mwendo wokwapulawo, umayamba kuyendayenda pa siteji ngati nguli yotha mphamvu.

Mtaliyana Enrico Cecchetti, amene anaphunzitsa wovina wotchuka wa ku Russia Anna Pavlova, anagawa ntchito malinga ndi masiku: Lolemba ma assemblé (kudumpha n'kutera miyendo ili pamodzi), Lachitatu ma rond de jambe (kuzunguza mwendo), Lachinayi ma jeté (kudumpha ndi mwendo umodzi n'kutera ndi winawo), mpaka Loweruka. Sabata ikamatha palibe mnofu wolemedwa kuposa unzake, ndipo mphunzitsi sangamangobwereza zimene iye amazikonda. Apa Ataliyana anaganiza bwino.

Komabe kwa mwana woyamba kumene, kusafulumira kwa Afalansa ndiko kumasunga mawondo. Kutembenuza miyendo kuti iyang'ane kunja kumayambira m'chiuno, osati kumapazi. Wothamangira kuzungulira amakakamiza mapazi kuti atambasuke madigiri 180 chiuno chisanalole. Phazi limagwera m'kati, bondo n'kupotoka, ululu n'kuyamba m'kati mwa bondomo. Poyesa, mwanayo apinde mawondo (kupinda kotchedwa plié): bondo liloze kumene kwaloza chala chachiwiri cha phazi. Likagwera m'kati, abweze mapazi pang'ono mpaka zigwirizane.