Musandifunsenso za chipukuta misozi cha ku England

Pali bodza limene lakhazikika kuno ku Mzuzu, loti munthu ukangopunthwa mumsewu ku England, khonsolo imakulembera cheke. Chibwerereni kudzaona mayi, alamu anga ku Chibavi, anzanga akale kumsika, ngakhale azimayi akutchalitchi, onse akandiona ndikutsimphina funso ndi limodzi: "Nanga azungu aja anakupatsani zingati?" Ena ayamba kunong'ona kuti ndikubisa ndalama, ndipo zimenezi zikundiwawa kwambiri.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'tawuni ina kumpoto kwa England. Ndikuweruka shifiti ya usiku, kunja kusanache, ndinapunthwa pa silabu ya simenti imene mizu ya mtengo inaitukula m'njira ya anthu oyenda pansi. Ndinabinya kakolo, chikhatho chinasupuka. Kuchipatala anajambula n'kupeza kuti fupa silinathyoke. Kuvulala kwake n'kochepa, inde, koma ntchito yathu ndi yodzutsa ndi kusambitsa anthu, ndipo timalipidwa pa ola. Pa viza yanga analemba kuti sindiloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma. Lendi sinadikire, fizi ya ana a mchemwali wanga ku Luwinga sinadikirenso.

Ndinalembera khonsolo. Iwo anapereka nkhaniyo kwa a inshuwalansi awo, amene malamulo amawapatsa masiku 21 ongovomereza kuti kalata yafika, kenako miyezi itatu yofufuza. Yankho litabwera linali lakuti alibe mlandu. Lamulo lawo la misewu, Highways Act ya 1980, pa gawo 41 limati khonsolo iyenera kusamalira msewu. Lamulo lomwelo pa gawo 58 limawatsegulira khomo lothawira: akangoonetsa kuti ali ndi dongosolo loyendera misewu, ndipo woyendera anadutsapo osaona vuto, basi, apulumuka. Anawonjezera kuti silabuyo sinatukuke kufika mamilimita 25, muyeso umene makhonsolo ambiri amati ndiye poyambira ngozi. Ine ndinagwa mumdima, ndili ndi ululu, ndikanayeza ndi chiyani? Pamene ndinkabwererako ndi foni kuti ndijambule, anali atathirapo kale phula. Ngati panalibe vuto, anakonzeranji?

Kwa maloya aja olengeza kuti sulipira ukapanda kupambana, nako sikunayende. Kuyambira mu April 2022, ngati ululu wako auwerengera mtengo wosapitirira mapaundi 1,500, mlandu umapita kukhoti la milandu ing'onoing'ono, kumene loya sabwezeredwa ndalama zake ngakhale mupambane. Ndiye amakumvetsera mwaulemu, n'kukuuza kuti pepani. Ofesi ya Ombudsman woona za makhonsolo nayo nthawi zambiri silowerera nkhani za kuvulala, imati zimenezo n'za kukhoti.

Chimene chimandipsetsa mtima kwenikweni ndi msonkho. Council tax, msonkho umene khomo lililonse limapereka ku khonsolo, timalipira yonse, mofanana ndi mbadwa, popanda kufunsidwa kuti viza yako ndi yotani. Mwezi umene sindinagwire ntchito ndinachedwa kulipira, ndipo kalata inafika msangamsanga: lipirani pasanathe masiku 7, apo ayi tidzafuna ya chaka chonse nthawi imodzi, kenako kukhoti. Khonsolo yomweyo, abale anga! Ikafuna zake imawerenga masiku, ine ndikafuna zanga ndiwerenge miyezi. Timasamalira makolo awo usiku wonse iwo ali mtulo, koma ukavulala panjira yawo umayankhidwa ndi kalata yopanda ngakhale dzina la munthu woti umuimbire.

Inu amene mukukonza mapepala opita kumeneko, zikakuchitikirani jambulani malowo tsiku lomwelo, muike kandalama kachitsulo kapena rula pambali kuti kutukuka kuoneke, mutenge nambala ya aliyense amene waona, musunge risiti iliyonse ya takisi ndi mankhwala.

Ine sindinaisiye nkhaniyi. Lamulo limandipatsa zaka zitatu kuchokera tsiku limene ndinagwa. Gogo wina wokhala moyang'anizana ndi mtengowo anandiuza kuti anadandaulapo za silabu imeneyo ine ndisanagwe, ndipo ngati dandaulo lake lili m'mabuku awo, gawo 58 lija silingawateteze bwino. Ndawalembera kudzera mu Freedom of Information Act ya 2000, lamulo lopatsa munthu ufulu wopempha zolembedwa za maofesi a boma, kuti andipatse mbiri yonse ya madandaulo ndi kuyendera kwa msewu umenewo. Ali ndi masiku 20 ogwira ntchito oti ayankhe.