Tasiyani kujambula ana a eni ake

Abale, khalidwe ili lomajambula ana a eni n'kumaponya m'magulu a WhatsApp landikwana ndithu. Mwana wagwidwa akuba mandasi mumsika wa Limbe, m'malo moti akuluakulu mumufunse kwawo n'kuti, aliyense watulutsa foni, pofika madzulo kavidiyo kali pagulu la mpingo, la maneba ku Ndirande, la kuntchito, nkhope ili poyera, mwanayo akulira mamina ali chuchuchu, wina mpaka walembapo dzina la sukulu yake. Mawa akalowa bwanji m'kalasi mwana ameneyu?

Ndiye ukadandaula amati boma liletse ana pa intaneti ngati ku Australia, komwe mu 2024 anavomereza lamulo loti osakwana zaka 16 asakhale ndi akaunti pa TikTok ndi Facebook. Chabwino, koma apa wojambulayo ndi bambo wandevu zake, wotumizayo ndi mayi wobereka, mwanayo olo foni alibe.

Malamulo tili nawo kale. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, mu 2024 kunabweranso la Data Protection, loteteza uthenga wokhudza munthu payekha. Vuto n'loti kholo logulitsa tomato silingamasiye benchi kukakhala kukhoti mlandu ukungosinthidwa tsiku, limangozisiya, pomwe kavidiyo kaja kali m'mafoni a anthu mpaka mwanayo adzakule akusaka ntchito. Ma admin a magulu, munthu akalengeza bizinesi yake mumadilita pompopompo, za anazi mumazisiyiranji?